Chikhomo Chouma

Sindikudziwa kuti ndinayenda zaka zingati. Ndikayesa kuwerenga mvula, zina zimalowana, zina zimasowa, ndipo pali midzi imene ndimakayika ngati ndinafikako ndi mapazi kapena ndinangoilota nditatsamira mtengo. Chimene sindikayika ndi bawuti amene anali m'thumba langa la kumanja. Anali wotalika ngati chala chapakati, wopindika pang'ono, ndipo anaboola matumba a zovala zonse zimene ndinavalapo. Bawuti ameneyo ndiye anapha mlamu wanga Yotamu, ndipo amene anamukhomera ndine.

Kwathu kunali pamene mtsinje umathira m'nyanja. Pamenepo pali chitunda cha mchenga ndi miyala chobisala pansi pa madzi, ndipo chimasuntha chaka ndi chaka. Ngalawa zathu za matanga zinkadutsa pamwamba pake zitasenza mpunga popita, mchere pobwera. N'chifukwa chake a Mtalimanja, mmisiri amene anandiphunzitsa ntchito, ankapanga chiwongolero chotha kudzuka. Thabwa lolowa m'madzi linkazungulira pa chitsulo chimodzi, ndipo chimene chinkaligwira kuti likhale choimirira chinali kachikhomo ka mtengo wa mkuyu, kofewa mwadala. Thabwalo likagunda chitunda, chikhomo chinkathyoka, thabwa n'kudzuka, ngalawa n'kudutsa bwinobwino. Woyendetsa ankawerama kumbuyo, kulikankhira pansi, n'kulowetsa chikhomo china. Aliyense ankayenda ndi zikhomo zisanu m'kachitini.

Yotamu ankadana nako kuwerama kumeneko. Anali munthu wathupi, ndipo akawerama matako ali m'mwamba, amayi ogulitsa mpunga ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Anapempha a Mtalimanja kuti amuikire chitsulo pamalo pa chikhomo. Iwo anakana osakweza n'komwe mutu pa thabwa limene ankapala. Ndiye anabwera kwa ine, akunditchula mmisiri weniweni, wa nzeru zamakono. Ine ndinali nditatopa ndi kusema timitengo tsiku ndi tsiku, ndipo mawu akewo anandikomera kwambiri. Ndinakhomera bawuti pabowo la chikhomo, n'kupaka phula pamutu pake kuti a Mtalimanja asaone. Ine ndi Yotamu tinagwirana chanza tikuseka, ndipo sitinauze munthu.

Miyezi imeneyo madzi anali ochuluka, ngalawa inkadutsa osakhudza pansi. Kenako madzi anaphwera, mphepo ya mwera inayamba. Tsiku lina Yotamu anabwera thanga litafufuma, matumba atadzaza mpaka m'milomo mwa ngalawa. Chiwongolero chinagunda mwala, sichinadzuke, ndipo chinazula thabwa lonse lotseka kumbuyo kwa ngalawa. Anthu awiri amene anali kutsogolo anasambira n'kupulumuka, ndipo iwo anangomva kuthyoka, sanaone kanthu. Yotamu anapita pansi pamodzi ndi matumba.

M'mawa wa tsiku lachitatu, tikufunafuna mtembo m'bango, ndinapeza chiwongolerocho ndili ndekha. Ndinagogoda bawuti ndi mwala mpaka anatuluka. M'thumba mwanga munali chidutswa cha chikhomo chothyoka cha ngalawa ina imene ndinakonza dzulo lake. Ndinachilowetsa pabowopo, kenako ndinaitana anthu.

Anthu anafotokozerana okha. Anati chikhomo chinathyoka pa nthawi yolakwika, ngalawa inasowa chowongolera, inapingasa mafunde n'kusweka. A Mtalimanja anafika pomalizira. Anazula chidutswacho, anachigubuduza pakati pa zala, anachinunkhiza, ndipo analankhula motsitsa, moti ndinamva ndine ndekha.

"Masiku awiri m'madzi, koma chikhomo ichi n'chouma."

Anandiyang'ana n'kudikira. Ine ndinayang'ana bango. Anaika chidutswacho m'thumba la malaya, n'kumapita, ndipo sanatchulenso nkhaniyo kwa wina aliyense. Pa maliro mlongo wanga Elube, mkazi wa Yotamu, mwana wake wakhanda ali kumsana, analavulira pamapazi a mmisiriyo anthu onse akuona. Ine ndinali pambali pake, nditamugwira mkono ngati mlongo wabwino. Titameta, ndinauza anthu kuti ndikukafuna matabwa a mlombwa.

Ndinayenda madzi ali kumanzere kwanga. Ndikakhotera kumtunda, njira inkandizungulitsa n'kundibwezeranso kugombe. M'mutu mwanga munali ganizo limodzi lopusa, lakuti kwinakwake kuyenera kuti kuli chiwongolero chimene sichipha munthu, ndipo ndikachipeza ndidzabwerera nacho kwathu, anthu n'kuiwala zofunsa zakale.

Mudzi woyamba unali m'bango, pa nyanja yosaya imene munthu ukaima pakati pake madzi amalekeza m'chiuno. Kumeneko ngalawa zinalibe chiwongolero. Ankamangirira nkhafi yaitali kumbuyo ndi chingwe, basi. Mayi wina wamasiye, a Nangondo, amene ankawolotsa anthu ndi thanga la matumba a feteleza osokerera, ananditenga kuti ndiziwasemera nkhafi. Tsiku loyamba anayang'ana mmene chovala changa chinkalendewera mbali imodzi, n'kufunsa ngati ndanyamula mwala. Ndinati ndi chida cha ntchito.

Nkhafi ndinaikonda. Ikakhudza matope umangoinyamula, ikathyoka umadula ina. Palibe chikhomo, palibe chitsulo, palibe chobisa. Ndinauza a Nangondo kuti iwo ndiwo anthu anzeru pa dziko lonse. Anaseka, n'kundionetsa phewa lawo la kumanja, limene linali litatsika moti mkono sunkafikanso pamutu. Anati mphepo ikakula, ngalawa imakoka ngati ng'ombe yosaphunzitsidwa, ndipo chimene chimaigwira ndi phewa la munthu. N'chifukwa chake kumeneko amasoka matanga ang'onoang'ono, ndipo mphepo ikalusa amakhala pakhomo. Amuna awo anadwala tsiku la mphepo yotero. Chipatala chinali kutsidya, chikuoneka denga lake, koma panalibe phewa limene likanawolotsa ngalawa. Anandiuza zimenezi akusenda chinangwa, osasintha mawu.

Ndinakhala kumeneko mvula ziwiri kapena zitatu. Ndinkasema pamtunda, m'ngalawa osakwera. Tsiku lina a Nangondo anati phewa lawakanika, ndiye ndiyambe kuwolotsa anthu ndine, iwo azingolandira ndalama. Ndinati chabwino, koma ndiyambe ndakafuna matabwa a mlombwa.

Pambuyo pake panali midzi ina imene sindiikumbukira bwino. Wina unali ndi agalu oyera okhaokha. Wina ndinaufika kawiri kuchokera mbali zosiyana, ndipo munthu yemweyo anandipatsa madzi m'chikho chomwecho osandizindikira.

Kenako ndinafika m'tauni ya doko, pamene madzi ndi akuya kuyambira pagombe penipeni. Kumeneko kunali ngalawa zoyera za anthu olemera, zosanyamula mpunga kapena mchere, zimene eni ake ankabwera Loweruka kudzathamangitsana nazo kuzungulira zigubu zoyandama. Wozikonza anali a Dausi, munthu wowotcherera zitsulo, wa maso ofiira ndi pakamwa posapuma. Atangondiona anati, "Achimwene, simunayambe n'komwe ntchito, mwabisa kale sipanala yanga m'thumbamo?" Ndinati ndi chitsulo chakwathu, iwo n'kuseka kuti kwanu n'kosauka, ena amanyamula chithunzi cha mkazi.

Chiwongolero cha kumeneko chinali chachitali, chopyapyala ngati mpeni, cholendewera pansi pa mimba ya ngalawa pa chitsulo chimodzi chodutsa pabowo. Mbali ina ya thabwalo inkakhala kutsogolo kwa chitsulocho, moti ukangoyamba kukhota, madzi omwewo ankakuthandiza. Ngalawa yonse inkatembenuka ndi zala ziwiri. Ndinafunsa ngati chimenechi ndicho chopanda chilema. A Dausi anazimitsa moto wawo n'kuwerenga pa zala. Kutsogolo kwake kulibe chochiteteza. Chimakola maukonde a asodzi, asodziwo n'kubwera ndi zikwanje. Chikagunda mwala, chitsulo chimapindika, bowo limang'aluka, ndipo madzi amalowera pamalo pamene dzanja silifika. Koma choipa kwambiri, anatero, n'chakuti n'chopepuka mopitirira. Ngalawa ikamavutika, dzanja lako silimva kanthu, umangodzidzimuka yagona kale chammbali. Iwo ankauza mwini ngalawa aliyense zimenezi asanalandire ntchito. Ine ndinangosirira chinthu chotha kuyenda osamva kanthu.

M'tauni imeneyo ndinakwatira Felesiya, amene ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha doko. Anali mkazi wabwino ndipo sindinamuyenere. Tsiku lina akuchapa anapeza bawuti uja, ndipo poona kuti ndi chitsulo chabe, anatchingira nacho zenera kuti mphepo isamalitseke. Pobwera kuntchito ndinaona bawutiyo ali padzuwa, pamene aliyense wodutsa akanamuona. Ndinakalipa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Felesiya anadikira kuti ndimalize, kenako anafunsa kuti chitsulocho n'cha yani. Ndinati si cha munthu. Iye anati sangakhale m'nyumba ya anthu atatu pamene wachitatuyo saloledwa kumudziwa dzina. Ndikanamuuza tsiku lomwelo, mwina bwenzi ndili ndi ana. Ndinatola bawuti wanga n'kumubwezera m'thumba, iye akumanga katundu wake. Sabata yomweyo a Dausi anandiuza kuti ndikwere nawo tikayese chiwongolero chimene ndinapanga ndekha, ndipo ine ndinawauza za matabwa a mlombwa.

Mudzi womaliza unali wa miyala. Nyumba zinali pamwamba pa miyala, manda pakati pa miyala, ndipo pansi pa madzi panali miyala ina yambiri. Ngalawa za kumeneko zinali zazikulu, zolemera, zonyamula nkhuni, njerwa ndi mbuzi. Mmisiri wake anali a Chisuse, nkhalamba yogontha. Iwo sanafunse za thumba langa. Anangoligogoda ndi hamala, anamva kulimba kwake m'dzanja, n'kundipatsa sompho kuti ndiyambe ntchito.

Chiwongolero chawo chinali chachifupi, chotambalala, chobisala kumbuyo kwa msana wa ngalawa, mtengo waukulu uja woyenda pansi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chinkagwiridwa ndi zitsulo pamwamba, pakati ndi pansi. Mwala ukabwera unkayamba wagunda msanawo, chiwongolero osakhudzidwa. Zaka zonse zimene ndinakhalako sindinaone n'chimodzi chomwe chitathyoka. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinkajambula miyeso yake pa makatoni, ndikuganiza kale za mmene anthu akwathu adzandilandirire.

Tsiku lina masana tinakhala pamwala ndi a Chisuse tikuonerera ngalawa ikuchoka. Mbuzi imodzi inadumphira m'madzi. Amuna awiri anakankha mpini wa chiwongolero ndi zifuwa, mitsempha itatupa, koma ngalawa inkatembenuka mwaulesi, ikuzungulira kutali ngati ikupita kwina. Pamene inkafika pamalo paja, panali madzi okhaokha. Ine ndinaseka pang'ono chifukwa cha mwini mbuziyo, amene anagwira mutu ndi manja onse awiri. A Chisuse sanaseke. Analankhula mokweza monga achitira anthu ogontha.

"Lero ndi mbuzi. Chaka cha njala anali mwana wanga. Chiwongolero ndinapanga ndine, ndipo mawa ndipanga chinanso chotere, chifukwa kuno n'kwa miyala."

Makatoni aja ndinakolezera moto wosungunulira phula. Ndinali nditamva nkhani imodzimodzi katatu konse, ndipo mutu wanga wouma unaimva tsiku limenelo. Chiwongolero chilichonse chili ndi pamene chimagonja. A Nangondo ankadziwa pawo, a Dausi ankawerenga pawo pa zala, a Chisuse anakuwa pawo ali pamwala. A Mtalimanja anasankha kuti chawo chizigonjera pa kamtengo kakang'ono, kotchipa kuposa zonse. Ndine ndekha amene ndinachotsa pogonjera n'kupakapo phula.

Ndikanakhalabe kumeneko, ndikudzimvera chisoni mpaka imfa, pakuti ntchito imeneyo ndinali nditaizolowera. Koma kunabwera mayi wina wogulitsa usipa, ndipo kalankhulidwe kake kanali ka kwathu. Sanandizindikire, imvi zinali zitandibisa. Ndinamufunsa za a Mtalimanja ngati munthu wongomva mbiri. Anati anamwalira kalekale, akulima ganyu m'minda ya anthu chifukwa palibe amene ankawapatsanso ngalawa, ndipo pa maliro awo anthu analipo owerengeka.

"Koma ifenso tinachangamuka, bambo," anatero akuyeza usipa m'mbale. "Timitengo tawo tija tinatisiya. Pano aliyense amakhomera bawuti."

Anawonjeza kuti ngalawa ziwiri zinasweka kumbuyo pachitunda paja zaka zapitazi, anthu atatu n'kumira, ndipo ena amati ndi Yotamu akuitana anzake. Anati ngakhale mwana wamkazi wa Yotamuyo, Loniya, tsopano akuyendetsa ngalawa yakeyake, ndipo mayi ake anamwalira chaka chatha. Ndinagula usipa umene sindinadye. Tsiku limenelo sindinanamize munthu za mlombwa. Ndinabweza sompho kwa a Chisuse n'kuyamba kuyenda madzi ali kumanja.

Ulendo wobwerera unali waufupi modabwitsa, ngati zaka zonsezo ndinkangozungulira kuseri kwa phiri limodzi. Ndinafika m'mawa, mwera ukuyamba, madzi ataphwera moti chitunda chinkadziwika ndi mtundu wa madzi. Pamchenga panali ngalawa khumi ndi imodzi. Ndinayenda kumbuyo kwa iliyonse, ndipo pa iliyonse panali bawuti wonyezimira, wosabisidwa ndi phula, woikidwa ndi anthu okhulupirira kuti akudziteteza.

Loniya sindinachite kufunsa. Anali ndi thupi la bambo ake ndi chipumi cha mlongo wanga, ndipo ankalamula amayi a mpunga pokweza matumba. Ndinamuuza kuti ndine mlongo wa mayi ake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amalume a matabwa a mlombwa? Mwabwera nawo?"

Amayi aja anaseka. Ndinamupempha kuti asanyamuke asanachotse bawuti pa chiwongolero. Nkhope yake inasintha.

"Bambo anga anaphedwa ndi kamtengo, amalume. Zimenezo mukuzidziwa bwino, munachipeza ndinu chiwongolerocho."

Ndinatulutsa bawuti wanga. Ndinafotokoza zonse, za kuwerama, za phula, za mwala umene ndinagogodera, za chidutswa chouma. Sindinatsitse mawu, ndipo amayi a mpunga anasiya kuseka. Zimene ndinanyamula zaka zonsezo zinatha kunenedwa matumba awiri asanakwezedwe, ndipo ndinachita manyazi ndi kufupika kwake.

Loniya anatenga bawutiyo n'kumutembenuza m'dzanja. Sanalire. Anandiuza kuti ali mwana ankagenda denga la a Mtalimanja pochokera kusukulu, mayi ake osamuletsa. Anati tsiku lina nkhalambayo inasiya kangalawa koseweretsa pakhomo pawo, kosemedwa bwino, kokhala ndi kachiwongolero kake, ndipo mayi ake anakaponya pamoto. Anati mayi ake anamwalira akudandaula chinthu chimodzi, kuti mlongo wawo wokoma mtima anasochera ndi chisoni cha mlamu wake. Kenako anakoka thumba langa yekha n'kuponyamo bawuti uja.

"Ameneyu ndi wanu, musandisenzetse. Eni ngalawa zinazi mudzawauza nokha, mmodzimmodzi. Panopa semani chikhomocho. Mukwera nafe, ndipo mukhala kumbuyo."

Mkuyu wa a Mtalimanja unalipobe kuseri kwa bwinja lawo. Ndinatola nthambi youma, ndipo manja anakumbukira okha. Ndinasema zisanu. Ndinagogoda bawuti wa Loniya mpaka anagwera pamchenga, ndinalowetsa chikhomo, ndipo ndinakwera ngalawa koyamba chichokereni kwathu. Ndinapita kumbuyo monga anandiuzira.

Thanga linafufuma. Loniya anagwira mpini osandiyang'ana, ine nditakhala pamapazi ake, zikhomo zinayi zili m'manja. Madzi anasintha mtundu, kuchoka kobiriwira kupita kofiirira. Ndinamva mchenga ukukwecha pansi pa ngalawa, kenako kugunda. Chikhomo chinalira ngati munthu waponda kamtengo kouma. Thabwa linadzuka, ngalawa inayenda chammbali pang'ono, n'kutsetsereka kulowa m'madzi akuya.

Ndinagwada, ndinawerama kumbuyo mutu pansi, nkhalamba yonse matako m'mwamba. Mmodzi wa amayi aja analephera kudzigwira, anzake n'kumutsatira, ndipo kunali kuseka komwe kuja, sikunasinthe n'komwe. Ndinakankhira thabwa pansi, ndinapapasa bowo, ndinalowetsa chikhomo chachiwiri. Mpini unalimbanso m'dzanja la Loniya. Ndinadzuka madzi akuchucha m'ndevu.

Anayang'ana chiwongolero, anayang'ana chitunda chimene chinali kale kumbuyo kwathu, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali.

"Ndi zokhazi?"

"Ndi zokhazi," ndinatero.

Amayi aja anali akusekabe.